Asahel Sanali Mwana Wom'peza

East Harlow, Connecticut
27 Febuluwale 1977

Wokondedwa mlamu wanga Corinne,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako a Desmond ndi ana. Kodi chifuwa cha Nell chija chinatha? Nanga odwala a kuchipatala kwanuko akukupatsa mpata wopuma, kapena ukadali kuwakalipira monga unkatikalipirira ife? Kuno tilipo. Mkulu wako Lorna ali bwino, kupatula bondo lija limene limamuvuta kukazizira. Chipale chaka chino chagwa chosaneneka, mpanda wa kuseri kwa nyumba sukuonekanso. Ukamadandaula za kutentha kwa ku Majuro, pa zilumba zanu za pakati pa nyanjazo, uzitikumbukirako.

Ndikudziwa kuti wadabwa kuona dzanja langa pa envelopu. Zaka makumi awiri ndi zitatu chikwatirire m'banja mwanu sindinakulembereko, ndimangowonjeza dzina langa pansi pa makalata a Lorna. Lero ndalemba ndekha, ndipo Lorna sakudziwa. Ngati unditukwane, unditukwane utawerenga mpaka kumapeto.

Lorna anakulembera kuti bambo sakudya bwino. Sananame, koma sananene zonse. Bambo ako atenga chilolezo chofukula malemu mayi ku manda a banja paphiri paja, kuti akawaike ku manda a tauni. Okumba adzabwera sabata yachiwiri ya Epulo, nthaka ikangofewa. Amene wachititsa zimenezi ndine.

Ndiyambire patali pang'ono, poti iwe unachoka kuno kalekale.

Ukukumbukira tsiku limene Lorna anandibweretsa kwanu koyamba. Unali ndi zaka khumi ndi zinayi, unkandisuzumira uli pa masitepe. Nditatchula dzina langa, bambo ako anandifunsa kuti, kodi Gorski ameneyu mumachita kulemba kapena mumangoyetsemula? Kenako anafunsa kuti makolo anga anafika liti m'dziko muno. Ndinati 1912, kudzagwira ntchito ku fakitale ya ulusi. Iwo anagwedeza mutu n'kuti, "Oo, ndiye kuti fungo la sitima silinakuchokeni." Nonse munaseka, inenso ndinaseka.

Chaka ndi chaka pa phwando loyamika, mpeni uli m'manja, ankayamba ndakatulo yawo ija: Zebulon Orcutt anabala Asahel, Asahel anabala Jared, Jared anabala uje. Nkhukundembo inkazizira m'mbale tisanafike n'komwe kwa agogo ako. Akamaliza ankanditembenukira n'kuti, nanga inu a Felix, tiwerengereni anu, sizitenga nthawi. Mayi ako, a Vesta, ndi amene ankawaponda phazi pansi pa tebulo. Ankati, "Lyman, dulani nyamayo, akufawo sadya."

Mayi ako anandikonda ngati mwana wawo. Anapita okha kwa mayi anga kukaphunzira kuphika timikate ta mbatata ndi tchizi ta kwathu, kuti ndisamadzione mlendo pa tebulo panu. Ndikulemba zimenezi kuti udziwe kuti ndikudziwa amene ndikufukulitsa.

Ndinkaseka, koma ndinasunga chakukhosi. Sindinadziwe kuti chakula chotere.

Chaka chathachi, ndi chikondwerero cha zaka mazana awiri za dziko chija, aliyense kuno anapenga ndi zofufuza makolo. Ngakhale wometa tsitsi wathu anapeza agogo ake amene akuti anagwirapo chingwe cha hatchi ya mkulu wa asilikali. Bambo ako anandiitana n'kundiuza kuti ndilembe mbiri ya banja, ndikaiwerenge pa msonkhano wa abale wa mu Ogasiti. Anati mndandanda wa mayina wolembedwa m'Baibulo la banja unayambira pa Jared, za Zebulon ndi Asahel iwo anangozimva pakamwa pa agogo awo, tsono akufuna zilembedwe bwinobwino ndi masiku ake. Ine ndinaganiza kuti andisankha chifukwa ndili ndi makina otayipira, monga momwe mkamwini amatumidwira kukadula nkhuni.

Mu Julayi, sukulu itatsekera, ndinakhala masiku atatu ku ofesi ya mlembi wa tauni, m'kachipinda ka mabuku akale. Ndinapezamo zinthu zitatu. Zebulon analandiridwa m'tauni muno ngati mlendo wochokera ku Massachusetts mu Epulo 1741. Anakwatira Mehitabel pa 14 Meyi 1741. Ndipo Asahel, mwana wawo woyamba, kholo la bambo ako, analembedwa kuti anabadwa pa 20 Febuluwale 1741.

Werenga wekha monga ndinawerengera ine. Febuluwale, Epulo, Meyi. Mwana anabadwa mwamunayo asanaponde n'komwe m'tauni. Ndinati basi, Zebulon anakwatira mkazi ali ndi khanda m'manja, Asahel anali mwana wom'peza. Ndiye kuti bambo ako, iwe, Lorna, nonse mulibe ngakhale dontho la magazi a Zebulon.

Munthu wabwino akanapita ku famu madzulo ena, n'kukawatsina khutu bambo ali awiri. Ine ndinatayipa bwinobwino, ndinasunga mu kabati milungu inayi, ndipo milungu imeneyo ndinkaimba mluzu pometa ndevu.

Tsiku la msonkhano kunabwera anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Matebulo anawayala pansi pa mitengo kumbuyo kwa khola la ng'ombe, nyemba zophika, chimanga chowiritsa, ma payi a maapozi mpaka kusowa poika chigongono. Bambo ako anagogoda tambula ndi supuni n'kuti, tamverani aphunzitsi athu a masamu. Ndinaimirira. Ndinawerenga madeti atatu aja pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi ana ouma mitu m'kalasi. Ndinamaliza ndi kunena kuti, pepani abale, manambala sanama.

Woyamba kulankhula anali a Merrill, msuweni wa bambo ako, a mbumba ya Gideon, mwana wachiwiri wa Zebulon. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti, "Ndiye a Lyman, inu ndi a Felix anuwa ndinu amodzi, nonse obwera."

Mwina sunamve bwino za a Merrill poti unali utapita kale. Mu 1968 mwana wawo wom'peza, Dale, anafera ku nkhondo. Anamulera kuyambira ali wa zaka ziwiri. Anapempha kuti aikidwe paphiri paja, koma bambo ako, amene ankasunga kiyi wa chipata, anakana. Anati lamulo la mandawo ndi lakale ndipo ndi lomveka: a magazi a Zebulon okha, ndi akazi kapena amuna awo. Dale anakaikidwa ku tauni. Kuyambira pamenepo akazi a Merrill sanawapatsenso moni bambo ako.

Tsono tibwerere ku msonkhano kuja, a Merrill atangoseka choncho. Bambo ako anapempha pepala langa. Anavala magalasi, anawerenga, anapinda zala kuwerenga miyezi. Kenako anamasula kiyi uja pa tcheni cha wotchi yawo, anazungulira tebulo lonse ndi ndodo yawo, n'kukamuika pa mbale ya a Merrill. Anati, "Muyezo umene ndinayezera mwana wanu undiyezenso ine." Atatero anapita ku khola, ngakhale nthawi yokama inali isanakwane.

Mlamu, ndinene zoona. Pa mphindi imeneyo ndinakondwa. Chimwemwe chake chinatha ndisanakhale pansi, koma chinalipo.

A Merrill si munthu woipa. Patapita sabata anabwera ku famu ndi kiyi uja, akuti anangoseka chifukwa mtima unali ukuwawa, Vesta agone pomwe wagona, ndipo a Lyman nawonso adzagone pambali pake, palibe amene adzafunse. Bambo ako anakana. Anati Vesta analowa m'mandamo pa dzina lawo, tsono ngati dzinalo ndi lobwereka ndiye kuti wagona pa malo a eni ake. Anatinso iwo sangadzagone paphiri pamene Dale anakanizidwa, komanso sangadzagone kutali ndi mkazi amene anakhala naye zaka makumi asanu. Chotsala n'chakuti Vesta asamuke. Ukuwadziwa bambo ako akanena chinthu.

Zinapita choncho mpaka mu Januwale, pamene pepala la chilolezo chofukula linafika pa tebulo la Mayi Treadwell, mlembi wa tauni uja wa magalasi a chingwe. Anandiimbira foni ku sukulu kuti ndikawaone tsiku lomwelo.

Sanandipatse n'komwe mpando. Anati, "Aphunzitsi, ndamva kuti ndinu amene mukufukulitsa Vesta. Tiyeni mundionetse chimene munaona." Tinalowa m'kachipinda kaja, anatsitsa buku okha, anakana kuti ndiwathandize. Anatsegula pa masamba a obadwa n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono. Novembala 1741, Disembala 1741, kenako Januwale 1741, Febuluwale 1741. Chaka cha 1742 chinayambira kumapeto kwa Malichi.

Anandiuza kuti masiku amenewo, mpaka 1752, chaka kuno chinkayamba pa 25 Malichi, osati pa 1 Januwale. Choncho Febuluwale anali kumapeto kwa chaka, ankabwera pambuyo pa Meyi. Anati, "Werengani zala, poti masamu ndi anu." Ndinawerenga. Kuchokera pakati pa Meyi kufika pa 20 Febuluwale ndi miyezi isanu ndi inayi ndi sabata imodzi. Asahel anabadwa m'nyumba ya bambo ake, pa nthawi yake, ngati mwana wa m'busa.

Mayi Treadwell anati Mehitabel wagona zaka mazana awiri popanda womunyoza, mpaka kubwera munthu wa digiri. Anati ndinakhala masiku atatu m'kachipindamo iwo ali pakhomo pomwepo akuluka sweta, bwanji osafunsa? Safunsa anadya phula, anatero. Kenako analoza pa mzere wa Asahel penipeni. Mlembi wakaleyo, pofuna kuti wina asadzasokonezeke, analemba 1741, n'kuika kamzere kopendekeka, n'kulemba ka 2 patsogolo pake, kusonyeza kuti kwa owerenga chaka kuyambira Januwale inali kale 1742. Anandifunsa kuti, nanga kamzere aka ndi ka 2 aka simunakaone? Ndinayankha kuti inki yafufuma, sindinakaone. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, n'kutseka buku.

Ndinathamangira ku famu. Bambo ako anandilandirira pakhomo, sanandilowetse. Ndinafotokoza zonse ndili chilili m'chipale. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuti, "Chaka choyambira mu Malichi? Mawa mudzandiuza kuti sabata inkayamba Lachinayi. Pitani kunyumba, a Felix, mwazizidwa."

Lorna anapita ndi kalata ya Mayi Treadwell yodindidwa chidindo cha tauni. Anawapempha kuti akwere galimoto akaone okha bukulo. Anakana. Anati akuona bwinobwino kuti tonse tapangana kuwanyengerera ngati mwana wolira, ndipo Mayi Treadwell anali mnzake wa Vesta wa ku kwaya, angadinde chilichonse kuti Vesta asafukulidwe.

Tsono tamva zimene ananena pambuyo pake. Lorna anabwera nazo kunyumba akulira, n'kundiuza poganiza kuti zinditonthoza.

Akuti anati, mwa onse amene anakwatira m'banja muno, wamutu ndi Felix yekha. Akuti ntchito ija anandipatsa chifukwa ankadziwa kuti ine sindingawonjeze kapena kuchotsa kanthu pofuna kusangalatsa munthu, ngakhale iwo amene. Lorna atawauza za kamzere ndi ka 2, anayankha kuti, "Felix anaona bukulo ndi maso ake mu Julayi. Kakanakhala kanthu akanakalemba. Zimene akunena panozi akunena chifukwa cha chisoni, mwana uja ali ndi mtima wabwino." Akuti anamalizira kunena kuti ankandiseka zaka zonsezi chifukwa ndinali ndekha amene ndinkatha kupirira nthabwala, enawo ankakwiya msanga.

Lorna akunena zimenezi, ine ndinali nditagwira kapu ya khofi. Ndinaiika pansi n'kutuluka kukachotsa chipale pa njira imene ndinali nditachotsa kale m'mawa.

Mlamu, apa ndiye pagona kalatayi. Mayi Treadwell ndinawanamiza. Lorna ndinamunamiza. Kamzere kaja ndinakaona.

Mu envelopu muno upezamo tsamba limene ndang'amba mu kope langa. Pamwamba pake pali tsiku, 13 Julayi, ndipo dzanja ndi langa, bambo ako akulidziwa. Taona mzere wachinayi. Ndinakopera 1741, kamzere, ndi ka 2, monga momwe zilili m'buku. Ndinazunguliza ndi pensulo. M'mbali mwake ndinalemba kuti, "Funsa Mayi T."

Sindinadziwe tanthauzo lake, chimenecho ndikulumbira. Koma ndinadziwa kuti kali ndi tanthauzo. Ndinanyamuka ndi kope m'manja, ndinafika pakhomo pa kachipindako. Mayi Treadwell anali pomwepo, masitepe atatu okha, akuluka sweta yawo ija. Ndinaima. Ndinaopa kuti akandiyankha andilanda chimene ndapeza. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinali ndisanagwirepo ndodo, ndipo tsiku limenelo ndinali nayo m'manja. Ndinabwerera pa mpando. Potayipa kunyumba ndinalemba 1741 yekha.

Ndakhala ndikuphunzitsa ana zaka zonsezi kuti akabera mayeso amadzinamiza okha. Mwezi uno ndikaimirira pa bolodi choko chimandilemera. Ndili ndi manyazi, Corinne, manyazi amene sindinawadziwepo chibadwire. Ndikadutsa pa msewu wa kumunsi kwa phiri ndimayang'ana kumbali.

Pempho langa ndi ili. Bwera, ngati akuchipatala angakulole, Epulo asanafike. Ngati sungathe, lembera bambo kalata ndipo uikemo tsambali, uitumize pa ndege tsiku lomwelo.

Ufunsa kuti bwanji osapita nalo ndekha. Ndinawalembera makalata awiri, onse anabwerera osatsegulidwa, atalemba kunja kuti, musadzivutitse, sindinakukwiyireni. Ndikapita kukanena pakamwa, adzati ndikudzipaka matope dala kuti ndipulumutse Vesta, ndipo adzandilemekeza koposa kale. Lorna sangamukhulupirire, amati ndi wofewa mtima ngati mayi ake. Koma iwe amati sutsira shuga m'mankhwala. Akudziwanso kuti chiyambire sunandiikirepo kumbuyo pa mkangano uliwonse, ngakhale uja wa mtundu wa penti ya pakhonde. Iwe ukanena kuti mlamu wako ndi wachinyengo, umboni wake nawu, adzamva.

Ndaganiza njira zonse, yatsala ndi yomweyi. Bambo ako sangakhulupirire buku ali kukhulupirira ine. Chimodzi chiyenera kugwa, ndipo choyenera kugwa ndi ine.

Usandichepetsere mlandu pofotokoza. Ndikukudziwa, pakamwa ndiwe waukali koma pamapeto umamva chisoni. Usanene kuti Felix anasokonezeka, kapena kuti anatopa, kapena kuti inki inafufuma. Ukatero adzagwira mawu amenewo n'kunena kuti nawenso walowa m'pangano lowanyengerera, ndipo okumba aja adzabwera. Akakufunsa ngati ndinachita dala, uwayang'ane m'maso n'kuti inde. Akakufunsa chifukwa chake, uwauze kuti ndinkafuna kuwaona atagwetsa nkhope pamaso pa abale awo onse, ndipo nditawaona ndinakondwa.

Kalatayi ndikaiponya mawa m'mawa popita ku sukulu. Lorna ndidzamuuza ndikaweruka, itapita kale, kuti ndisakhale ndi njira yobwerera monga ndinabwerera pakhomo paja. Sindikudziwa kuti adzati chiyani. Amene ndikufukulitsawo ndi mayi ake, ndipo kuyambira mu Januwale wakhala akundisisita pamsana kuti aliyense amalakwitsa.

Ngati bambo sadzandilolanso kuponda pakhomo pawo, nzoyenera. Malo anga paphiri paja, amene ndinali nawo chifukwa cha Lorna, awapatse wina. Mayi okha asawasunthe.

Undiperekere moni kwa a Desmond, uwauze kuti mbedza zawo zija zikadali m'galaja, sindinazikhudze. Upsompsone Nell ndi Rufus. Anawo usawauze kanthu pakadali pano, adzamva akadzakula. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pa ntchito yako, ndipo akuyendetse bwino pamwamba pa nyanjayo ngati ubwera.

Ndine mlamu wako, ngati ukadandilola kudzitchula choncho,

Felix Gorski